Nsomba za kunyanja zozizira pa menyu ya mu Blantyre muno: ndapitako katatu, nde ndikuuzeni

Alamu anga ndi amene anayambitsa nkhaniyi. Anandiyimbira Lachisanu lina madzulo, ati alamu, pali malo ena atulutsa menyu yatsopano ya nsomba zakunja zokhazokha, inu paja munakhalako ku Cape Town, tiyeni mukatiuze ngati akutinamiza kapena ayi. Ine kuseka, chifukwa kukhalako kwanga ku Cape Town sikunali kwa ubwana ayi, ndinali ku kitchini, chaka choyamba kutsuka mbale ndi kupala nsomba mpaka zala kuchita dzanzi, zaka ziwiri zinazo nde anandikweza kundiyika pa grill. Koma nsomba zokha ndinaziona ndithu, komanso kwathu ndi ku Nkhotakota, fungo la nsomba yoti yayamba kutembenuka ndimalimva ndisanakhale n'komwe pampando.

Dzina la malowa sinditchula. Ndi lesitilanti ina yake ukangotuluka m'tauni pang'ono, yokhala ndi khonde lalikulu ndi mitengo panja, amene mumadya kunja mwina mwaidziwa kale. Sinditchula chifukwa zina ndinene pano eni ake sangazikonde, komanso pali mnyamata wina weita anandithandiza kwambiri, sindikufuna mawa amuyitanitse ku ofesi chifukwa cha ine.

Menyu yake ndi yokongola, pepala lolimba, pamwamba alemba chizungu chakuti wild cold-water fish and shellfish, kutanthauza nsomba zogwidwa m'nyanja zamchere zozizira, osati zoweta, pamodzi ndi zija zokhala ndi zigoba monga nkhanu, ma prawn ndi ma mussel. Pansi pake ndandanda: hake, kingklip, snoek, cod, salmon, miyendo ya king crab, ma prawn, ma mussel, ndi mbale yayikulu yosakaniza ya anthu awiri. Mitengo sindiyilemba chifukwa masiku ano ukalemba mtengo Lolemba pofika Lachisanu umakhala wanama, koma dziwani kuti mbale imodzi ya salmon ndi ndalama yoti ku msika wa Limbe ubwerako ndi chambo chodyetsa nyumba yonse kangapo, n'kutsalanso ya minibasi ndi ya makala.

Poyamba ndifotokoze za kuzizirako chifukwa alamu anandifunsa pompo kuti nanga nsomba si nsomba basi. Ayi ndithu. Nsomba ya m'madzi ozizira imakula pang'onopang'ono, ndipo pali magulu awiri omwe ku kitchini timawasiyanitsa. Zina zimasunga mafuta m'thupi monse, monga salmon, snoek, mackerel ndi herring, izi ndi zonona ndipo zimafuna moto kapena utsi. Zina mnofu wake ndi woyera mbee wopanda mafuta, mafuta ake amakhala ku chiwindi, monga cod, hake ndi haddock, n'chifukwa chake kuli mafuta aja a cod liver oil ankatimwetsa tili ana kwinaku titatseka mphuno. Zoyerazi ukangoziphika mopyola pang'ono zimauma ngati thonje. China chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti nsomba ya m'madzi ozizira imawonongeka msanga pa ayisi kuposa yathu ya m'madzi ofunda, chifukwa tizilombo take tinazolowera kale kuzizira, ayisi sitimuwopa kwenikweni. Chambo ukachikwirira bwinobwino mu ayisi chimapirira. Cod sangapirire choncho. Nde munthu akakuuzani mu Blantyre muno kuti cod yathu ndi fresh yafika lero, mufunseni kuti yakwera chani.

Chifukwa taganizani njira yake. Thiraki yochoka ku Johannesburg idutse pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, iwoloke Zambezi pa Tete, ifike pa Zobue, ilowe pa Mwanza, paliponsepo pali mzere ndi mapepala. Apo ayi ndege yotera pa Chileka, imene mtengo wake nde musanene. Ndiye pafupifupi chilichonse cha pa menyu iyi chimabwera chowumitsidwa mu firiza, ndipo ine sindikuona cholakwika pamenepo. Nsomba yoti anaiwumitsa pa sitima pomwepo itangotuluka m'madzi, n'kusungidwa pozizira madigiri -18 osasungunuka panjira, imakoma kuposa yoti yayenda masiku asanu pa ayisi akuitchula kuti fresh. Vuto limakhala pa kunama, ndi pa firiza yoti magetsi akazima jenereta amayatsa mochedwa.

Ulendo woyamba tinapita awiri ndi alamu. Ine ndinayitanitsa hake, alamu kingklip, koyambirira tinagawana snoek yowamba.

Snoek ija itangofika ndinakhala kaye chete. Anaiphwanya tizidutswa n'kuisakaniza ndi anyezi wokazinga, katsabola pang'ono, pambali buledi wowotcha ndi jamu wa ma apricot, momwe amadyera ku Cape komweko. Fungo lake linandibwezera ku Hout Bay, doko la asodzi ku Cape Town, nyengo yozizira ija cha mu June ndi July maboti akabwera nazo, anthu akugulitsa kumbuyo kwa ma pikapu, nsomba zazitali ngati mkono ndi theka, mano ngati a galu. Snoek ili ndi minga yayitali koma yosavuta kuchotsa, siyofanana ndi tinthu tating'onoting'ono ta mu matemba. Alamu analawa n'kunena kuti aaa koma izi zikufanana ndi kampango wowamba, ine ndinati pang'ono, koma mcherewu ndi wa m'nyanja momwe. Ndinamufunsa weita uja kuti achimwene, snoek iyi ndi ya ku Cape kapena ya ku New Zealand, chifukwa olo ku South Africa komweko yambiri ya m'mashopu imachokera ku New Zealand, kumene amaitchula barracouta, ndi nsomba imodzimodzi. Mnyamata anandiyang'ana ngati ndamufunsa funso la mayeso a fomu folo, anati bwana ndikafunse. Atabwera anati shefu akuti katoni yalembedwa New Zealand. Pamenepo ndinayamba kuwakhulupirira pang'ono, chifukwa akanatha kungonena kuti Cape Town ine n'kumeza.

Hake nde inali bho zedi. Anaikazinga mu batala, chikopa chili khirichi khirichi, mkati ukangogunda ndi foloko mnofu ukumasuka zigawo zigawo zoyera, utsi ukutuluka, mandimu pambali ndi chipisi chodula chachikulu. Pa mbale panalibe madzi. Ichi ndi chinthu choyamba ndimayang'ana, nsomba yoti anaisungunula mothamanga m'madzi ofunda kapena mu microwave imalira pa mbale, umaona kadziwe koyera pansi pake ndipo chipisi chimanyowa. Iyi anaisungunula usiku wonse mu firiji momwe zimafunikira.

Ndipo hake ndi nsomba yoti mawu oti wild aja akuyenerana nayo popanda mkangano, palibe amaweta hake. Imagwidwa kunyanja ya kumadzulo kwa South Africa ndi Namibia, komwe kumadutsa madzi ozizira a Benguela, amene amayenda kuchokera kummwera kulowera ku Angola. Mphepo ikamakankha madzi apamwamba, apansi ozizira odzadza chakudya amakwera, nde nsomba zimachuluka zedi. Anthu amadabwa kumva kuti mu Africa muno muli nyanja yozizira, koma amene munayesapo kuviika phazi ku Camps Bay ku Cape Town mukudziwa, mafupa amachita kuwawa, pomwe ku Durban kapena ku Beira madzi ndi ofunda. Usodzi wa hake wa masitima a ku South Africa unalandira chizindikiro cha MSC, chosonyeza kuti akugwira nsomba mosamala kuti zisathe, kansomba ka buluu kaja mumakaona pa mapaketi, mu 2004. Ndipo musaone ngati za Benguela ndi zachilendo kwa ife, karapao uja timagula wowumitsidwa m'mashopu ndi m'misika, wambiri ndi wa ku Namibia, madzi omwewo. Timadya nsomba ya m'madzi ozizira kalekale, kungoti sinalembedwe pa pepala lolimba.

Kingklip ya alamu inali yabwinonso ngakhale anaipyoletsa pang'ono pa moto, m'mbali munali mutayamba kuuma. Nsomba imeneyi ukaiona yamphumphu sungaifune, thupi lalitali lotererera kumchira ngati mlamba wosakanizika ndi njoka, mtundu wa pinki wamawangamawanga, imakhala pansi penipeni m'miyala. Koma mnofu wake ndi wolimba, wochindikala, suphwanyika pa grill, ku kitchini tinkaikonda chifukwa siyichititsa manyazi. Alamu anadya n'kupukuta mbale ndi buledi, kenako ati pakanakhala kansima. Ndinafunsa, nsima alibe. Pali chipisi, mpunga, mbatata yosenda yopondaponda ndi masamba. Ine apa sindikugwirizana nawo, lesitilanti ili mu Blantyre, ufa uli pa Ndirande pomwepa, kuphika kansima kolimba bwino n'kuika pambali pa kingklip ya msuzi wa tomato kungawachotsere ulemu wanji? Ndinapempha kambuzi anandipatsa, bola pamenepo.

Ulendo wachiwiri nde kunali nkhani. Tinatenga azakhali a akazi anga amene anabwera kuchokera ku Thyolo kudzaonana ndi adokotala a maso, tinati tiwasangalatse. Ine osaganiza n'komwe, ndinayitanitsa mbale yayikulu yosakaniza ija. Itafika, miyendo ya nkhanu ili tambalala, ma prawn ndi ndevu zawo, ma mussel atayasama, azakhali anakankhira mpando m'mbuyo n'kunena kuti mwanawe, izi ndi ndiwo kapena mwatola m'dambo? Paja iwo ndi a Sabata, za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse sadya, olo mlamba salawa, Levitiko 11 amaidziwa pamtima. Ndinapepesa, ndipo apa ndiwayamikire a lesitilanti, weita uja sanaseke, anati amayi musadandaule tikupangirani hake payokha, mu pani ina yoti simunalowe zimenezi, ndipo anabweradi nayo pa mbale yake, n'kusuntha mbale yathu ija kuyika kumapeto kwa tebulo. Azakhali anafunsa kawiri ngati hake ili ndi mamba. Ili nawo. Anadya yonse, koma maso anali pa ife nthawi yonseyo ngati akuonera anthu akudya zinkhanira.

Tsono mbale yathuyo ndi imene inayamba kuwulula kuti mutu wa menyu uja ndi wongokongoletsa. Ma prawn anali akuluakulu, amizeremizere, okoma ndithu ndi adyo ndi peri-peri. Koma amenewo si a m'madzi ozizira. Ma prawn akuluakulu chonchi ndi a m'madzi ofunda, ngati ndi ogwidwa m'nyanja ndiye mwina a kwa aneba athu ku Mozambique kuno, cha ku Beira ndi Quelimane, apo ayi ndi oweta a ku Asia. A m'madzi ozizira enieni, a ku Greenland, Norway, Iceland ndi Canada, ndi ang'onoang'ono ngati kachala kakumapeto, apinki, otsekemera, kawirikawiri amawaphikiratu pa sitima n'kuwawumitsa, ndipo amadyedwa ozizira mu saladi kapena pa buledi ndi mayonezi. Tinthu todabwitsa, timayamba moyo tili tatimuna kenako tikakula timasanduka tatikazi, nditawauza alamu anati basi alamu mwayamba bodza. Ine sindikudandaula kuti anatipatsa akuluakulu, kunena zoona ndimawakonda kuposa tating'ono tija, ndipo ngati ndi a ku Mozambique ndi chinthu chonyadira, bwanji osangolemba choncho?

Ma mussel anali a chigoba chimodzi, m'mphepete mobiriwira. Amenewo ndi a ku New Zealand, ndipo ndi oweta, amawakulitsa pa zingwe zolendewera m'nyanja. Olo akuda aja a ku Saldanha Bay ku South Africa ambiri ndi a pa zingwe. Palibe choyipa, mussel woweta sadyetsedwa chakudya cha m'thumba, amangosefa madzi yekha, komanso sakhala ndi mchenga wolumitsa mano. Koma wild ayi. Msuzi wake wa kirimu ndi adyo unali wabwino, okhawo ma mussel anali atalimba ngati labala chifukwa amabwera ophikaphika kale, umangofunika kuwatenthetsa mphindi zochepa, iwo anawabwatitsa ngati nyemba.

Miyendo ya king crab inali iwiri yokha, yodulidwa pakati, ndipo ndikuganiza theka la bilu yonse linali pamenepo. Iyi nde ndi ya kozizira zenizeni, nkhanu zikuluzikulu za ku nyanja ya Bering pakati pa Alaska ndi Russia, zinanso zimagwidwa kumpoto kwa Norway m'nyanja ya Barents, komwe sizinali kwawo, akatswiri a Soviet Union ndi amene anakazitulako m'zaka za m'ma 1960 nde zinaswana mpaka kufalikira. Mwendo umodzi kutalika kuposa foloko ndi mpeni kuzilumikiza, chigoba chaminga, mkati mnofu woyera wofiira kunja wotuluka wathunthu ngati chala cha munthu wamkulu. Kukoma kwake kulipo, kotsekemera, kamchere. Koma wathu unali ndi vuto, mbali ina mnofu unali wouma wa ulusiulusi, utachoka ku chigoba n'kusiya mpata, chizindikiro choti wakhalitsa mu firiza kapena unasungunukapo n'kuwumanso. Zinthu zodula chonchi mu tauni ngati yathu sizituluka tsiku ndi tsiku, zimakhala miyezi zikudikira munthu wolandira alendo a ku ofesi. Ndinamuuza weita, anapepesa, anatichotsera mtengo wa zakumwa. Chabwino, koma sindidzagulanso. Ndipo tili pa nkhanu pomwepa, saladi ina pa menyu alemba kuti crab salad yotchipa bwino, musanamizike, ndi timitengo tija tofiira kunja toyera mkati, mulibe nkhanu, ndi nsomba yoyera yopera, kawirikawiri pollock, yothira fungo ndi mtundu.

Tili mkati modya magetsi anazima. Mdima wa bii, azakhali n'kuti Yesu, ine m'mutu ndinayamba kuwerenga. Ndinafika pa 14 jenereta inalira. Pamenepo ndinawapatsa ulemu, chifukwa malo ogulitsa nsomba zoterezi jenereta ndiye shefu wamkulu. Koma funso lomwe sindingathe kuliyankha ndili pa tebulo ndi lakuti kodi akatseka usiku magetsi n'kuzima 2 koloko, dizilo wake akusowa chonchi, imalirabe?

Ulendo wachitatu ndinapita ndekha masana, dala, nthawi yoti kulibe anthu, chifukwa ndimafuna salmon ndi cod komanso ndimafuna kucheza ndi shefu.

Salmon itafika sindinafunikenso kulawa kuti ndidziwe. Chidutswa chochindikala, mtundu wa olenji wowala, mizere yoyera ya mafuta yonenepa ngati yojambula ndi choko. Imeneyo ndi salmon ya Atlantic yoweta, ndipo pafupifupi salmon yonse ya Atlantic yomwe imagulitsidwa padziko ndi yoweta, m'makola a maukonde m'nyanja, Norway ndiye patsogolo, kenako Chile, Scotland ndi ena. Yogwidwa yokha m'nyanja imachokera ku Pacific, makamaka Alaska ndi Russia, ndipo ku Alaska kuli mitundu isanu: king imene ena amati chinook, sockeye, coho, pink ndi chum. Ku Alaska kuweta nsomba m'makola a m'nyanja analetsa ndi lamulo mu 1990, nde paketi ikalembedwa Alaska umadziwa kuti siyam'khola. Sockeye ndi yofiira kwambiri ngati nyama, yopyapyala, mizere ya mafuta yowonda, kufiirako kumachokera ku tinkhanu ting'onoting'ono timene imadya m'nyanja, pomwe yoweta mtunduwo amauthira mu chakudya chake. Imagwidwa nyengo yochepa, cha mu June ndi July ikamabwerera ku mitsinje, ku Bristol Bay ku Alaska komweko ndiye kuchimake. Imabadwira mu mtsinje, kupita kunyanja, kukula, kubwerera mtsinje womwewo kukaswana, ikatero imafa. Ife a ku Nkhotakota izi sizachilendo kwenikweni, nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja kukwera Bua kukaswana, n'chifukwa chake azungu anaitcha lake salmon ngakhale si pachibale. Agogo anga akanamva kuti ndalipira ndalama zimenezi pa nsomba yokwera mtsinje akanandilanda chikwama.

Ndinamuyitana mnyamata uja, ndinati achimwene, salmon iyi ndi wild? Anati eya bwana, yalembedwa pa menyu. Ndinati menyu ndaiona, ndikufunsa katoni. Anaseka, anapita, patapita kanthawi anatuluka shefu mwini wake, bambo wachikulire wa imvi m'mbali, epuloni itathimbirira, atanyamula chivindikiro cha katoni chonyowa. Anachiyika pa tebulo n'kuloza ndi chala. Farmed, Norway. Anati achimwene, ine ndimaphika, menyu analemba ndi ena ku ofesi, ndinawauza kuti tsiku lina adzabwera munthu wofunsa. Tinaseka tonse. Anakhala pansi pang'ono, nayenso anagwirapo ntchito kunja, tinayamba kukumbutsana za kupala hake m'mawa kukuzizira.

Ndinene mosabisa, salmon yowetayo anaiphika bwino kwambiri, chikopa chouma bwino, pakati pofewa ponyezimira, ndipo anthu ambiri akalawa sockeye yeniyeni amati yauma, amakonda yonona yomweyi. Nde vuto si nsomba. Vuto ndi kundilipiritsa mtengo wa mawu omwe sali pa mbale. Mukachotsa mawu amodzi aja pamwamba pa menyu, kapena kulemba pa nsomba iliyonse komwe yachokera ndi kuti ndi yoweta kapena yogwidwa, palibe angakwiye, ndipo ena tingamabwere pafupipafupi chifukwa tikudziwa kuti simutiputsitsa. Ku South Africa kuli mndandanda wa SASSI umene umaika nsomba pa mtundu wobiriwira, wa olenji kapena wofiira malinga ndi mmene zatsalira m'nyanja, ndipo makasitomala kumeneko amatulutsa foni n'kuyang'ana weita ali chiyimire. Kuno sitinafike, koma katoni yokha tingafunse.

Cod anandipatsa kachidutswa kolawa, shefu sanandilipiritse. Sinali ya fresh kapena ya mu firiza, inali yamchere youma ija Apwitikizi amati bacalhau, imene amene munakhalako ku Tete, Beira kapena Maputo mukuidziwa, yowuma gwa ngati thabwa. Amaiviika m'madzi tsiku lathunthu kapena awiri, kumasintha madzi, mchere uchoke, kenako anaiphwanya n'kuikazinga ndi anyezi, mbatata yodula ngati machesi ndi mazira. Eee koma inali dilu. Ndipo kwa ine iyi ndiye njira yanzeru yobweretsera cod ku dziko lopanda nyanja yamchere, siyiopa kuzima kwa magetsi, ndi nzeru yomweyo ya usipa wa pa thandala. Ku Norway, zilumba za Lofoten, cod ikabwera kuchokera ku Barents kudzaswana kuyambira January mpaka April, amaipachika pa mitengo panja kuti iwume ndi mphepo yozizira osaithira mchere, ndipo ina, makamaka mitu yake, imakathera ku Nigeria mu supu. Cod inali yambiri zedi kale moti anthu ankaona ngati singathe, koma ku Newfoundland ku Canada masitima anaikokolola mpaka boma linatseka usodzi wake mu 1992, anthu pafupifupi 30,000 ntchito n'kutha, ndipo anadzatsegulanso pang'ono mu 2024. Shefu nditamuuza izi anangoti, nanga chambo cha ku Malombe chinapita kuti? Sindinayankhe.

Za malo ndi ntchito mwachidule: ndi paukhondo, zimbudzi zili bwino, poyimika galimoto alipo ndi mlonda, chakudya chimatenga mphindi makumi atatu kapena kuposerapo kukakhala anthu, nyimbo Lachisanu amakweza mopyola moti azakhali ankachita kukuwa. Makina a khadi tsiku lina ankavuta netiweki tinalipira pa foni. Ma weita ndi aulemu koma sanawaphunzitse za nsomba zomwe akugulitsa, ndipo si vuto lawo, munthu sungafotokoze chinthu choti sunalaweko. Awalawitse, olo kachidutswa.

Nde mukapita, itanitsani hake, kingklip muwauze asaipyoletse, snoek yowamba musaiphonye, bacalhau ngati ilipo tsiku limenelo tengani. Ma prawn idyani podziwa kuti ndi a kotentha. Salmon ngati mumaikonda ndi yabwino koma ndi ya m'khola. King crab siyani, pokhapokha akulipira ndi ena.

Ndisanatuluke ndinamufunsa shefu kuti bwanji trout palibe, chikhalirecho ndi nsomba ya m'madzi ozizira yomwe ili pakhomo pompano. Azungu a nthawi ya atsamunda anabweretsa rainbow trout n'kuithira m'mitsinje yozizira ya pamwamba pa phiri la Zomba, Mulanje ndi ku Nyika, ndipo ku Zomba kuchokera kuno ndi ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono, palibe Beitbridge, palibe madola. Anati amaifuna, koma kupeza munthu woti azibweretsa sabata iliyonse osaphonya ndi nkhani ina, lero ali nazo khumi, sabata yamawa foni siyikupezeka. Anati akaipeza andiyimbira, anatenga nambala yanga n'kuilemba kumbuyo kwa chivindikiro cha katoni ya Norway chija. Snoek yotsala anandikulungira mu foyilo, kunyumba tinaitenthetsa ndi tomato ndi kambuzi, akazi anga anaphika nsima ya mgaiwa, alamu atamva fungo pa foni sindikudziwa bwanji, anafika ndi njinga yamoto nsima isanaphulidwe.